Mabwana Anga Atapita Kukapalasa Njinga ku Minda ya Mphesa

Njinga ziwirizo zinafika m'nyumba ya ku Al Garhoud, ku Dubai, mliri wa kolona usanabuke. Zinabwera m'makatoni aakulu ngati zitseko, ndipo abwana anazitulutsa okha atagwada pa kapeti, akundiletsa ngakhale kugwira katoni. Atamaliza kuzimanga anaitana mmisiri kuti akhome zitsulo pakhoma la pabalaza, nazipachika pamwamba pa sofa, pomwe kale panali chithunzi cha ukwati wawo. Ine ndinapatsidwa kansalu kakekake kozipukutira.

Ndinali wantchito wogonera pomwepo. Ndinkaphika, kuchapa ndi kukolopa, koma ntchito yeniyeni inali yolera mwana wawo mmodzi yekhayo, mtsikana amene anali asanayambe sukulu. Chipinda changa chinali kuseri kwa khitchini, pafupi ndi makina ochapira, chopanda zenera. Njinga zija zinkagona pabalaza pozizira bwino, moyang'anana ndi galasi lalikulu lomwe linkaonetsa ndege zikutera.

Madamu ndiwo anandifotokozera za ulendowo tsiku lina ndikusenda anyezi. Anati iwo, abwana ndi anzawo angapo adzapita ku Ulaya, kudera la mapiri komwe amalima mphesa. Kumeneko adzapalasa njinga kupitirira sabata, m'mawa kukwera phiri, masana kutsika, madzulo kugona m'nyumba za alendo za m'mindamo n'kumalawa vinyo wa mudzi uliwonse. Katundu wawo azidzanyamulidwa ndi minibasi yowatsatira pambuyo. Ndinafunsa ngati kumapeto kwake kuli mphotho, kapena ngati pali wina amene adzawalipire. Anaseka mpaka kugwira tebulo, nati olipira ndi iwowo, ndipo analipira kale. Kwathu ku Ntcheu ndinakula ndikuona amuna akukankha njinga zodzaza matumba a kachewere pa zitunda, mitsempha itatuluka m'khosi, ndipo sindinamvepo wina wa iwo akunena kuti ali pa tchuthi. Ndinangoti chabwino madamu, n'kupitiriza kusenda.

Kenaka mliri unafika. Ndege zinasiya kuuluka, misewu inatsekedwa, ndipo ulendo unalephereka. Abwana anaulira ngati maliro. Ankagwira ntchito mu ofesi ya kampani ina ya za ndege, ndipo nthawi imeneyo anthu ambiri a pansi pawo ankachotsedwa ntchito. Pa chakudya chamadzulo ankatchula zimenezo pang'ono, n'kunena kuti n'zachisoni, kenaka n'kutha ola lonse akudandaula za phiri lina lomwe akanakhala atalikwera sabata imeneyo.

Anatsitsa njinga yawo n'kuimangirira pa chitsulo choimika kutsogolo kwa TV. Ankavala kabudula wothina ngati wa khanda, nsapato zogogoda pansi ngati ziboda za mbuzi, n'kumapalasa osachoka pamalo, pa TV pakuoneka msewu wa dziko la eni. Thukuta linkachita thamanda pa matailosi. Akatsika ankayenda motangadza miyendo n'kundiuza kuti lero akwera phiri lalikulu, ine ndili kumbuyo kwawo ndi chokolopera.

Mzinda utatsegulidwa, ine sindinatsegulidwe. Kale tsiku langa lopuma ndinkakwera sitima ya Metro kupita ku Bur Dubai, komwe amayi achimalawi tinkakumana m'chipinda cha mnzathu wina kupemphera ndi kucheza. Abwana anati zimenezo zitheretu, chifukwa kumeneko anthu amakhala mothithikana ndipo ndingabweretse matenda kwa mwana. Ndinatha chaka ndi miyezi osatuluka pakhomo ndekha. Koma anzawo a njinga ankabwera kumapeto kwa sabata iliyonse akachoka kopalasa ku chipululu, masiki atalendewera pachibwano, n'kudzaza khonde lonse ndi fungo la thukuta.

Chaka chotsatira, anthu atabaya katemera, ulendo unadzukanso. Mwana anayenera kutsala ndi ine. Kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke, gulu lonse linabwera kudzatsanzikana ndi amene sankapita nawo. Mwa otsalawo munali bambo wina wamimba amene ankatsokomola pafupipafupi, akunamizira makina oziziritsa m'nyumba. Anamunyamula mwana n'kumuponya m'mwamba, n'kumupsompsona patsaya. Mabwana anga anakayezetsa asanakwere ndege, ndipo anapezeka kuti alibe. Tsiku lonyamuka madamu anakumbatira mwana akulira, abwana ali pachitseko akuti yalla, yalla, kutanthauza kuti tiyeni msanga, maso ali pa zikwama za njinga zomwe anyamata ankalowetsa mu lifiti.

Patapita masiku ochepa mwana anadzuka thupi lili moto. Anakana phala, anakana ngakhale madzi a zipatso omwe ankawakonda. Ndinaimba foni kangapo osayankhidwa, pakuti anali paphiri popanda netiweki. Madamu anaimba chakumasana pa vidiyo. Kumbuyo kwawo ndinaona mizere ya mphesa ikutsetsereka mpaka kuchigwa, ndi tebulo lalitali lodzaza matambula. Anandiuza kuti ndimumwetse mankhwala oziziritsa thupi, ndipo iwo atumiza nesi kunyumba. Nesiyo anabwera atadzikuta thupi lonse, natilowetsa timitengo m'mphuno tonse awiri. M'mawa mwake uthenga unafika woti tonse tili ndi kolona, ndipo tisatuluke m'nyumba.

Madamu atamva analira. Abwana anawalanda foni.

"Tikabwera panopa tidzachita chiyani?" anatero. "M'nyumbamo sitingalowe. Ana sadwala kwambiri matenda amenewa, aliyense akudziwa. Koma tandiuza zoona, unapita kuti titachoka?"

Ndinawayankha kuti sindinapite kulikonse, ndipo ngati akufuna afunse alonda a pageti. Anati tidzakambirana akadzabwera. Kumbuyo kwawo wina anawaitana kuti vinyo watsegulidwa, ndipo foni inaduka.

Tsiku lotsatira nane ndinagwa. Mutu unkawawa ngati ukung'ambika, chifuwa chinalemera, ndipo fungo lililonse linatha m'mphuno, moti mkaka unapserera pachitofu ndili pomwepo osamva. Kuchoka kuchipinda kupita kukhitchini ndinkayenda nditagwira khoma. Mwana sankafuna kugona pabedi pake. Ankagona pachifuwa panga pa sofa, akasanza ndimusinthe zovala, ndikhale pansi ndipume, kenaka ndikolope chokwawa.

Pageti pa nyumba yathu panali mlonda wina wa ku Malawi, bambo wachikulire wa ku Balaka amene ankagona ku nyumba za kampani yawo. Kale tinkangopatsana moni ndikamadutsa ndi madamu. Atamva kwa nesi kuti pamwamba pali odwala, anaimba pa foni ya m'nyumba kufunsa ngati ndine. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse akayamba ntchito ankaimba n'kuti, "Achemwali, mwadzuka bwanji? Nanga mwanayo?" Ankasiya pachitseko kathumba ka mandimu, jinja ndi adyo, n'kugogoda, n'kuthawira ku lifiti. Tsiku lina anasiya nthochi ndi mabanzi. Munthu ameneyu malipiro ake anali atadulidwa chifukwa cha mliri womwewo.

Zithunzi za ku mapiri zinkabwerabe. Madamu ankazitumiza kuti ndizimuonetsa mwana asangalale. Panali cha abwana ali pamwamba pa phiri atanyamula njinga m'mwamba ndi manja awiri, kukamwa kuli yasa ngati apha mkango. Panali cha madamu atakwinya siketi, akuponda mphesa ndi mapazi mu mbiya yamatabwa, anzawo akuwomba m'manja. Panalinso cha gulu lonse lili m'chipinda cha pansi pa nthaka, aliyense atalowetsa mphuno mu tambula. Pa chithunzi china ndinaona njinga ya abwana itamangidwa padenga la minibasi, iwo ali mkati atatsamira zenera, koma chimenecho chinafufutidwa posakhalitsa. Poyamba mwana ankayang'ana. Kenaka anayamba kukankha foni ndi dzanja n'kutembenukira kukhoma.

Tsiku loipa kwambiri linayamba bwinobwino. Chakumasana ndinaona kuti mwana akupuma mofulumira, milomo yauma, ndipo ndikamuitana akungotsegula maso pang'ono n'kutsekanso. Mafoni a makolo ake onse anali ozima. Ndinaimbira mlonda uja, ndipo iye anandithandiza kuitana ambulansi. Kuchipatala anatiika m'chipinda chapatokha, mwana namuika diripi. Dokotala wake anali mayi wa ku India, wamfupi, wolankhula mofatsa. Ankafuna kuti kholo livomereze zina zomwe ankati achite, choncho anandifunsa komwe kunali makolo a mwanayo.

"Akupalasa njinga," ndinatero.

Anafunsa ngati ndikutanthauza kuti ali m'njira akubwera. Ndinati ayi, ali ku Ulaya, akupalasa njinga m'minda ya mphesa. Anandiyang'ana pamwamba pa masiki, kenaka anauza nesi kuti nanenso andiyeze mpweya ndi kundipatsa mpando.

Madamu anapezeka pa foni dzuwa litapendeka. Ataona mwana ali ndi diripi pamkono anakuwa, nalonjeza kuti mawa lomwelo akwera ndege, zivute zitani. Ndinawakhulupirira. Koma m'mawa mwake thupi la mwana linazizira, anamwa tiyi, napempha bisiketi, ndipo madokotala anatilola kubwerera kunyumba. Nditawauza madamu anathokoza Mulungu mobwerezabwereza. Kenaka anatsitsa mawu n'kunena kuti popeza zinthu zili bwino tsopano, ndipo kwangotsala masiku ochepa, ndipo abwana akuti kusintha matikiti n'kovuta, ndi bwino angomaliza. Anati amandidalira kwambiri, ndine ngati wachibale. Ndinali nditakhala pansi m'bafa nthawi imeneyo. Ndinati chabwino madamu.

Anabwera titamaliza masiku athu obindikira, nkhope zitapsa ndi dzuwa, mphuno zikusupuka. Madamu anagwada pakhomo atatambasula manja, koma mwana anabisala kumbuyo kwanga atagwira diresi langa. Abwana anamusisita pamutu podutsa, n'kupita kukatsegula chikwama cha njinga kuti aone ngati a pabwalo la ndege sanaikande. Ine anandibweretsera epuloni yojambulidwa mphesa.

Kumapeto kwa sabata imeneyo anaitana anzawo kuti adzalawe vinyo amene anabwera naye. Ndinkazungulira ndi mbale ya tchizi, ndikupumirabe m'mwamba, nditavala epuloni ija chifukwa madamu anati ndivale. Ndinamva abwana akufotokoza za phiri lalikulu lija, mmene miyendo inkakanira koma mtima n'kumati pita. Za minibasi sanatchule. Madamu anauza amayi anzawo kuti imeneyo inali sabata yovuta kwambiri pa moyo wawo wonse, kukwera mapiri mtima uli kwa mwana, ndipo amayiwo anawagwira pamapewa n'kuwayamikira kuti ndi olimba mtima. Bambo wamimba uja analiponso. Mkazi wake, vinyo atamulowa, anaulula kuti mwamuna wakeyo anagona sabata yathunthu atangochoka pa phwando lotsanzikana lija, ndipo anapezeka nayo. Abwana anayang'ana mu tambula yawo, kenaka anafunsa gulu ngati likumva kafungo ka nthuza mu vinyoyo. Onse analowetsa mphuno, navomera kuti akukamvadi. Nkhani yoti ndinapita kuti sinatchulidwenso, ndipo palibe amene anandipepesa.

Miyezi yotsatira madamu anasintha. Mwana akagwa ankathamangira kwa ine, akadzuka ankaitana ine, ndipo zimenezi zinkawapweteka. Anayamba kunena kuti ndikumulera momusasatitsa. Kontirakiti yanga itatsala pang'ono kutha anandiuza kuti sawonjezera, chifukwa mwana akufunika munthu wodziwa Chingelezi chabwino. Tsiku lochoka anakonza zoti mwana akhale ali kwa mnzake, kuti pasakhale kulira. Sindinatsanzikane naye.

Amayi a ku Bur Dubai anandipezera ntchito kwa banja lina la ku Al Rigga, anthu okalamba awiri amene zofuna zawo zinali tiyi wotentha ndi mankhwala pa nthawi yake. Ndinali kumeneko pamene tsiku lina foni inalira ndikuyanika zovala. Anali mtsikana wa ku Uganda amene analowa m'malo mwanga, ndipo nambala yanga anaipeza kwa alonda. Anati mabwana achokanso, mwana ali ndi chimfine, ndipo kuyambira m'mawa akungolira akunena mawu amene iye sakuwamva. Anayesa kuwatchula, ndipo ndinazindikira kuti mwanayo akuti ndibereke. Ndinamuuza mtsikanayo kuti atenge nsalu yoyala pabedi yopepuka, awerame, amuike mwanayo kumsana, ndipo ndinamulongosolera pang'onopang'ono momwe angamangire mfundo pachifuwa ndi pamimba. Ndinakhala pa foni mpaka kulira kunaleka, kenaka ndinabwerera kukamaliza kuyanika.