Munda Wopanda Akangaude

Kwathu ku Mkanda timalima chimanga, fodya ndi mtedza. Thonje ankalima munthu mmodzi yekha, a Enoki Chinguwo, ndipo ndimawadziwa bwino chifukwa munda wanga unachita malire ndi wawo. Anachokera ku Balaka ali mnyamata kudzagwira utenanti ku esiteti ya fodya, kenako anakwatira Consolata wa m'mudzi mwathu n'kukhala pa chikamwini. Fodya sankafuna ndi kumva fungo lake lomwe. Ankati anawadyera unyamata.

Kalimidwe kawo kankatiseketsa. M'mawa uliwonse, mame asanakamuke, ankayenda mzere ndi mzere atawerama ngati munthu wotaya singano. Ankatembenuza masamba, kuwerenga mazira a mbozi, n'kumasuntha kamtengo pa kathabwa kobowolabowola kamene ankakoleka m'khosi. Kamtengoko kakapanda kufika pa bowo lina lake, sankapopera mankhwala, ngakhale dziko lonse litapopera. Akapeza ukonde wa kangaude pakati pa mizere ankauzungulira mwaulemu, ngati akudutsa pamene pakhala apongozi.

"Amenewa ndi antchito anga," ankandiuza motero. "Akangaude, ziswamphika, mavu, ndi tizikumbu tofiira ta madontho akudati. Amadya mbozi ndi nsabwe za m'masamba ine ndili kutchalitchi."

Ine pakamwa panga sipakhala chete. Ndinawatcha Bwana wa Akangaude, dzinalo n'kufala mudzi wonse.

Consolata anamwalira mu Okutobala, osasiya mwana. Mundawo unali wa kuchikazi, ndipo mlongo wake Mateyo, amene ankaulakalaka kuyambira kale kuti adzalemo fodya, sanachedwe. Analankhula mwaulemu ndithu. "Alamu, limani chaka chino tione. Thonje likachita bwino, khalani, ndinu wathu. Likakanika, tidzakusudzulani, munda ubwerere kwa eni ake." A Enoki anangovomera. Mkamwini wa imvi angakane chiyani pamudzi pa eni?

Mu Febuluwale, thonje lili pa maluwa, mbozi zinayamba kuoneka. Kamtengo kanali kasanafike pa bowo lake, koma Mateyo anayamba kudutsa m'mbali mwa munda tsiku ndi tsiku, manja kumbuyo. Sabata yomweyo kunabwera munthu wa njinga kuchokera kuboda, atanyamula mankhwala m'mabotolo a zakumwa, opanda chizindikiro, opanda dzina. Ankalumbira kuti amapha chilichonse chokwawa ndi chouluka. Pamenepo sananame.

Apa ndiulule, pakuti zimandiwawa mpaka lero. Amene anawakankha a Enoki ndine. "Achimwene, zengerezu adalinda kwawukwawu," ndinatero. "Akangaude anuwo akakuyankhirani kwa Mateyo?" Pamapeto pake anagula mankhwalawo. Anathira zivindikiro zitatu pamene ena amathira chimodzi, monga timachitira ife tikachita mantha, ndipo anapopera munda wonse, kawiri sabata imodzi.

Atapopera kachiwiri, m'mawa mwake ndinawapeza ataima pamalire. Mbozi zinali mbwee pansi, zoona. Koma pakati pake panali mavu, njuchi, ndi ziswamphika miyendo m'mwamba. Mame anagwa monga mwa masiku onse, koma m'mizere monse munalibe ulusi ndi umodzi womwe. Anthu odutsa pa njinga ankaima n'kumayamikira kuti munda wayera.

"Mukumva, achemwali?" anandifunsa.

"Sindikumva kanthu."

"Ndiye chimenecho," anatero, n'kubwerera kunyumba osandilawira.

Sabata ziwiri thonje linakongola mpaka ine ndinayamba kudzitama. Sabata yachitatu masamba anayamba kupindika. Ukatembenuza tsamba, kunsi kwake kunali nsabwe zokhazokha, zothinana, ndipo zala zinkamata. Kenako masamba anada ngati mwaye wa kukhitchini. Mbozi nazo zinabwerera, zambiri kuposa poyamba.

"Gulugufe amauluka kuchokera kuminda ina usiku umodzi n'kuikira mazira," anandiuza a Enoki. "Wafika wapeza pamudzi palibe galu."

Anapoperanso. Nsabwe zinachepa masiku atatu n'kuchulukanso. Tsiku lina ndinawaona m'munda mwanga mwa mtedza, munthu wamkulu atagwada, akutola akangaude mmodzimmodzi n'kumaika m'chitini. Sindinaseke. Ndinagwada nawo, ine amene ndimathawa kangaude m'bafa. Tinakawatsanulira mu thonje muja, koma mawa lake sitinapezemo ndi mmodzi yemwe. Kaya anafa, kaya anathawa, sindidziwa.

Maluwa anayoyoka, zipatso zinaboolekabooleka. Pokolola mu Juni, thonje limene linatuluka linali lochepa, lakuda ndi lomata, moti ogula analigwira ndi zala ziwiri n'kupukusa mutu. Mateyo sanadikire ndi kuti ziputu zizulidwe. Ndinamuona m'munda muja akuyeza ndi mapazi pomanga chigafa cha fodya, ndipo pochoka anakuwira a Enoki ali patali: "Alamu, Loweruka likubwerali tikhale pansi."

Lachisanu masana ndinapita kunyumba kwawo ndi mtedza pang'ono m'mbale, mawu opepesa nditawakonza njira yonse. Ndinawapeza atakulunga kale mphasa, ataimangirira pa njinga pamodzi ndi khasu. Sanandidzudzule. Bwenzi zili bwinoko akanandidzudzula. Analandira mbale ija ndi manja awiri, anakhala pakhonde, n'kuyang'ana kumsewu.

"Zaka makumi atatu ndi zisanu," anatero. "Achemwali, inu mukuganiza kuti ku Balaka alipo amene akundikumbuka?"