Dyna, Mzungu wa kwa Kapondo

Patapita masiku atatu chiikireni maliro a mayi ake, Dyna anakhala pamphasa pamodzi ndi abale ake kudikira lumo. Munali mu Julaye 2004, mphepo ya ku Mchinji ikulowa mpaka m'mafupa. Mwambo wathu mukuudziwa: maliro akatha, apabanja onse amametedwa kuti aliyense wowaona adziwe kuti oferedwa ndi awa.

Lumo linali m'manja mwa a Anasi, mayi ake aakulu. Anameta ana awo. Anameta ana a asuweni, ena oti malemuwo sankawadziwa n'komwe mayina. Atafika pa Dyna anagwira tsitsi lake lalitali, lofewa, lofiirira kunsonga, n'kulikulunga pachala.

"Ili ndiye ayi," anatero. "Tsitsi lachizungu ine sindinametepo. Mwina kwawoko amaletsa. Tingadziputire zina."

Azimayi anaseka. Sikunali kuseka kwankhanza ayi, kunali kuseka kwa anthu otopa ndi kulira. Lumo linadumpha n'kupita pamutu wotsatira.

Tsiku limenelo pabwalo panali mitu yambirimbiri yometa mpala. Mutu wosameta unali umodzi wokha, wa mwana yekhayo wa womwalirayo.

Inu amene mwatopa ndi kunenedwa chifukwa cha mmene munabadwira, nkhaniyi ndi yanu. Ndiulule pano kuti ndili wamng'ono nanenso ndinamuthamangirapo Dyna pamodzi ndi anzanga, tikukuwa kuti "Mzungu! Mzungu, tipatse switi!" Iye sankatembenuka. Ankangofulumiza miyendo, ndowa ili pamutu.

Mayi ake, a Tabeth, ankagulitsa mbatata yootcha kuboda. Kumeneko anadziwana ndi mzungu wina amene ankakonza malole a kampani ina yakunja. Ntchito itatha, mzunguyo anapita. Anasiya chithunzi chimodzi, kumbuyo kwake atalembako dzina lovuta kutchula. Dyna anabadwira kwa Kapondo, anayamwira kwa Kapondo, Chingerezi anachiphunzira kusukulu movutikira ngati ife tonse. Koma khungu lake linali loyera, ndipo anthu ankaona khungulo basi.

Chomutopetsa sichinali chipongwe chachikulu. Tinali tating'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku. Akalakwa Chingerezi m'kalasi, aphunzitsi ankati, "Taonani, mwini chilankhulo akulephera." Akafika pamjigo, wina ankati, "Mupatseni mpata bwana, angapse ndi dzuwa." Kumsika mtengo wa tomato unkakwera akangoyandikira. Akadya mbewa, anthu ankaitanizana kuti adzaone.

Zonsezi ankapirira chifukwa kunyumba kunali mayi ake, ndipo kuseri kwa nyumba kunali munda wawo wa mtedza. Kwathu kuno munda wa mayi ndi wa mwana wake wamkazi. Dyna ankadziwa kuti zivute zitani, pokhala ali napo.

Koma mwezi usanathe chimetereni maliro, atsibweni ake, a Zakeyu, anamuitana.

"Munda uja ndauza Eneya kuti alime," anatero. Eneya anali mwana wa a Anasi. "Usadandaule. Iwe sukhalitsa kuno. Bambo ako adzabwera kudzakutenga, azungu sataya magazi awo. Ndiye munda ugonerenji?"

"Atsibweni, ine ndimalima."

"Ndi manja amenewa?" A Zakeyu anaseka n'kumusisita paphewa. "Iwe ndi wa muofesi, mwana wanga. Ukadzakwera ndege usadzatiiwale."

Sankanena monyoza. Ankakhulupiriradi. Mudzi wonse unkakhulupirira kuti Dyna ndi mlendo amene akungodikira galimoto.

Sukulu anasiyira Fomu 2. Anamanga zovala zake m'chitenje n'kupita ku Boma, kumene anapeza ntchito kwa mayi Millicent, amene anali ndi kashopu kotayipa makalata ndi kuchita fotokope. Ntchito yake inali kusesa ndi kupukuta fumbi. Makasitomala akalowa ankapereka moni kwa iye m'Chingerezi poganiza kuti ndiye mwini shopu, kenako akaona tsache m'manja mwake ankagwirana m'mbali.

Zaka zitatu zinapita motero. Anaphunzira kutayipa ndi zala ziwiri, kenako ndi zonse. Mu 2007 mayi Millicent analumikiza kompyuta imodzi ku intaneti. Inkayenda ngati ngolo ya ng'ombe zanjala, tsamba limodzi kutseguka munthu atamwa tiyi n'kumaliza. Komabe Dyna ataona kuti munthu angathe kulemba dzina n'kufufuza mwini wake kutsidya kwa nyanja, mtima unamugunda. Anaganiza kuti mwina atsibweni ankanena zoona. Mwina kwawo kunali kwina.

Anapeza tsamba lina limene anthu ankafunirapo abale otayika. Anaikapo chithunzi chake ndi dzina la kumbuyo kwa chithunzi chija, n'kulemba m'Chingerezi chake cha Fomu 2 kuti akufuna bambo ake, sakufuna kanthu, akungofuna kuwadziwa.

Mayankho anabwera patapita masiku anayi.

Woyamba anati awa ndi akuba a ku Africa, samalani. Wachiwiri anafunsa ngati kwawoko ali ndi magetsi kapena walemba ali mumtengo. Wachitatu anangoika chithunzi cha nyani. Ena awiri anamuikira kumbuyo, koma mawu awo anamira. Dyna anawerenga zonse, mawu ena akuyang'ana mudikishonale ya mushopumo. Ndi zomvetsa chisoni munthu kutsegula dikishonale kuti umve bwino mmene akutukwanira.

Chimene chinamuzunguza mutu n'chakuti onsewo ankamutchula kuti wakuda. Iye amene moyo wake wonse anali mzungu.

Sabata yotsatira kunabwera imelo yochokera kwa munthu wa dzina lomwe lija. Anati ndi mng'ono wa amene akufunidwayo. Kalatayo inali yaifupi. Inati mkulu wake ali ndi banja lake, asasokonezedwe. Inati m'banja mwawo mulibe munthu wakuda ndipo sadzakhalamo. Mzere womaliza unamutchula kuti nyani.

Mayi Millicent anamupeza atangoti duu, maso pakompyuta.

"Zimitsa chinthucho, mwana iwe. Anthu amenewa sakukudziwa."

"Chowawa chake n'chomwecho, mayi," anayankha Dyna. "Kwathu amandidziwa, sandiwerengera. Awa sandidziwa, sandifunanso. Ndiye ine ndine wa kuti?"

Masiku otsatira ankangoganiza. Mawu a pa intaneti anali akuthwa kuposa onse amene anawamvapo, koma analibe nkhope. Sukanawapeza pachitsime kuti uwafunse chifukwa chake. Sukanawadandaulira kwa akulu. Ukazimitsa kompyuta ankatsala m'mutu mwako, eni ake ali phee kwawo, ataiwala kale. Pamene a kwa Kapondo, ngakhale ankamupweteka tsiku ndi tsiku, anali omwewo amene ankamufunsa m'mawa kuti wadzuka bwanji, omwewo amene anakumba manda a mayi ake. Amenewo ukhoza kuwayang'ana m'maso.

Lolemba m'mawa anapempha pepala limodzi.

"Ukufuna kupulinta zonyansazi? Za chiyani?" anafunsa mayi Millicent.

"Ndikawawerengere atsibweni."

Anafika kumudzi mu Okutobala, anthu akusosa. A Zakeyu anawapeza pansi pa mtengo wa mango akukhomera khasu mumpini.

"Ee, azungu athu afika! Mwatitengera chiyani?"

"Ndakutengerani kalata, atsibweni. Yachokera kwa abale a bambo anga."

A Zakeyu anaika khasu pansi. Anakuwira a Anasi kuti abwere msanga, nkhani yabwino yafika. A Anasi anabwera akupukuta manja pachitenje, akumwetulira.

Dyna anagwada n'kuyamba kuwerenga, mzere uliwonse akuutembenuzira m'Chichewa. Sanachotsepo kanthu, sanaonjezepo kanthu. Mawu ake ankanjenjemera koma sanasiye. Atafika pa mzere womaliza anaima.

"Malizitsa," anatero a Zakeyu.

"Akuti ndine nyani."

Nkhuku inadutsa pakati pawo.

"Ndani?" anafunsa a Zakeyu. "Akunena ndani? Mwana wa mlongo wanga? Mwana wa Tabeth?" Anaimirira, kenako anakhalanso pansi, chifukwa panalibe woti amulondole. "Munthu wosametedwa n'komwe ku mwambo, akatchule mwana wa m'nyumba muno nyani? Ali kuti ameneyo?"

"Ali mukompyuta, atsibweni. Simungamupeze."

A Anasi anali atagwira pakamwa. Anayang'ana Dyna nthawi yaitali, ngati akumuona koyamba.

"Ndege ija sibwera," anatero Dyna motsitsa mawu. "Ndilibe kwina. Ndikupempha munda wa amayi."

Musaganize kuti zinthu zinasintha tsiku lomwelo. Mkwiyo wa a Zakeyu unali woona, koma Eneya anali atalima mundawo zaka zitatu, ali ndi mkazi ndi ana awiri. Atakambirana, Dyna anapatsidwa chigawo chakumunsi, kumene nthaka ndi yolimba ndipo udzu wa kapinga unali utayala ngati mphasa.

"Tiyambe taona manjawo," anatero a Zakeyu.

Manjawo anatuluka matuza sabata yoyamba. Matuzawo anaphulika, n'kutulukanso ena pamwamba pake. Khosi ndi mapewa zinapsa ndi dzuwa mpaka kusupuka. Anthu opita kuminda ankaima pamsewu kumuonerera. "Bwerani mudzaone, mzungu akupanga mizere!" Wina anamufunsa ngati ndi pulojekiti. Dyna ankangoweramira khasu.

Chaka choyamba mbewu anachedwa kuipeza, anadzala mochedwa, mtedza unapinimbira. Anakolola wosadzaza n'komwe matumba awiri. Tsiku lomaliza kukumba anakhala pamzere, khasu lili pambali, osalira, kungotopa. Akanatha kubwerera ku Boma, mayi Millicent anali atamuuza kuti khomo n'lotsegula. Koma anadziwa kuti akangochoka, mudzi udzati, "Si tinanena?"

Anasankha mtedza wabwino n'kuusunga wa mbewu, wotsalawo n'kumadya pang'onopang'ono. Chilimwe chonse anatuta manyowa a mbuzi pamutu kuchokera kukhola la a Anasi. A Anasi poyamba ankangomuyang'ana. Tsiku lina anamubweretsera dengu lalikulu.

"Kako ako n'kochepa, uzingoyenda maulendo ambiri," anatero, n'kubwerera osadikira zikomo.

Chaka chachiwiri anadzala ndi mvula yoyamba. Anapalira kawiri. Mtedza wa chalimbana unatseka mizere yonse moti nthaka sinkaoneka. Pokumba, azimayi anayi anabwera okha kudzamuthandiza kuthothola, ndipo nkhani zawo zinali za maukwati ndi za kwaya, osati za khungu lake. Kalabu ya alimi a mtedza itafuna mlembi wodziwa kutayipa ndi kutumiza makalata kwa ogula, dzina limene linatchulidwa linali lake. Wina anayamba kunena kuti, "Inde, mzungu ndiye..." koma a Anasi anamudula.

"Dzina ali nalo. Ndi Dyna wa Tabeth."

Mu Seputembala 2009 a Zakeyu anafika pakhomo pake m'mawa atanyamula mtolo wa mitengo ya chinangwa. Eneya anali pambuyo pawo, nkhope ili pansi. A Zakeyu anali atamupezera Eneyayo malo ena olima kutsidya kwa dambo.

"Tenga khasu," anatero a Zakeyu.

Anayenda atatuwo kuzungulira munda wonse wa a Tabeth, kuyambira pachulu mpaka kumtengo wa muwanga. A Zakeyu akaloza, Dyna ankakumba, Eneya n'kuzika chinangwa. Atabwerera pamene anayambira, dzuwa linali litakwera. A Zakeyu anapukuta thukuta ndi chipewa.

"Malire ndi amenewa. Wina akadzakufunsa kuti kwanu n'kuti, udzamubweretse pano."

Dyna anaika khasu pambali. Anakhala pansi pomwepo, padothi lotentha, n'kutambasula miyendo ngati munthu amene wayenda ulendo wautali.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha. Mpaka lero akakwera minibasi ya ku Lilongwe, kondakitala amakuwa kuti mzungu akhale kutsogolo. Akatsegula imelo ya kalabu, nthawi zina mtima umamugundabe. Amatopa. Koma tsopano akatopa amapita kwawo.

Inu amene mukuwerenga, mwina akunenani pamsewu, mwina akunenani anthu opanda nkhope amene simudzawaona. Opanda nkhopewo asiyeni, simungawagwire. Koma amene mumamwa nawo madzi a mjigo umodzi, musawathawe. Auzeni zoona, ngakhale mawu akunjenjemera, ndipo mawa lake mudzuke mukagwire khasu lanu. Adzachedwa kukuonani. Mudzatopa, mwina kangapo. Pumulani, koma mtima wokhawo musautaye.