Mapiritsi a Pamfundo ya Chitenje

Linali tsiku la msika. Mayi anali atayanika nandolo pamphasa, ine ndikuchapa kuseri kwa nyumba. Mlongo wanga Zuze ankakonza legeni pakhonde. Mfuti yoyamba inalira cha kusitolo. Nkhuku zinayamba kuthawa, anthu pambuyo.

Kwathu kunali tsidya la Ruo, ku Mozambique. Bambo anali atamwalira kale. Ine ndinali namwali, Zuze akadali mnyamata wa kabudula.

Mayi sanatenge bulangete. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zitini ziwiri za kuchipatala cha mishoni. China chinali cha Zuze, amene ankadwala khunyu. China chinali chawo, cha mphumu. Pachitini chilichonse a kuchipatala anamatapo pepala: dzina la munthu, dzina la mankhwala. Mayi sankadziwa kuwerenga. Cha Zuze ankachizindikira ndi chivindikiro chopindika.

Tinapezana ndi anthu ena m'tsekera. Masana amfuti anadutsa mumsewu, pafupi moti tinamva fungo la fodya wawo. Tinagona chafufumimba. Mayi atasuntha pang'ono, mapiritsi analira m'zitini.

Amfuti atapita, bambo wina wachikulire anakwawira pomwe tinali. Dzina lake sindilidziwa mpaka lero.

"Mayi, zitini zanuzo zitiphetsa tonse. Tayani, apo ayi mutsale."

Mayi anakhuthulira mapiritsi onse pangodya ya chitenje n'kumanga mfundo imodzi. Zitini anazikwirira m'dothi ndi manja.

Dzuwa litapendeka anamasula mfundoyo. Mapiritsi onse anali oyera, onse a mzere pakati. Ena anali ocheperapo pang'ono. Mayi anawayang'ana padzanja nthawi yaitali. Mwezi ndi mwezi ankangotsegula chitini n'kutapa, sanayambe awaikapo pamodzi.

"Aang'onowa ndi a mwana," anatero. Palibe anatsutsa.

Tinayenda masiku angapo tikupewa misewu. Tinkadya chinangwa chachiwisi cha m'minda ya eni. Manja a Zuze anayamba kunjenjemera. Ankati mtima ukugunda ngati wathamanga. Tinati ndi mantha. Mayi ankasinza ali chiimire, chifuwa chikulira ngati mluzu. Tinati ndi kutopa.

Pa Ruo tinafika m'mawa. Chinali chilimwe, madzi olekeza m'chiuno, koma pakati ankathamanga. Bwato panalibe. Tinagwirana manja mondondozana, Zuze patsogolo panga.

Pakati pa mtsinje dzanja lake linauma. Ndinadziwa chimene chikubwera. Kumudzi tinkamugoneka chammbali n'kumutalikitsa ndi moto. M'madzi mulibe pogoneka munthu. Anagwa chagada, dzanja n'kupulumuka.

Amuna awiri anatsata gombe mpaka dzuwa litafika paliwombo. Anabwerako okha.

Tinakwera mapiri kudzera ku Masambanjati. Amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu anatipatsa nthochi zimene zinapsa kwambiri. Mmodzi anatilonjera m'Chilomwe chathu chomwe. Amalume ankathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Thyolo. Tinawapeza akubwerera kumalayini a antchito, dengu lili kumsana. Anatiwerenga ndi maso, n'kutula dengulo pansi.

M'mawa mwake chifuwa cha mayi chinatseka. Amalume anapempha kapitawo, ndipo tinapita kuchipatala cha pa esiteti. Pawindo la mankhwala panali bambo wa magalasi, a Likoswe. Mayi anamasula mfundo. A Likoswe anathira mapiritsi m'kambale, anataya amene anasungunuka ndi madzi a mtsinje, otsalawo n'kuwapatula ndi nsonga ya mpeni.

"Awa amamwa ndani, mayi?"

"Aang'onowo mwana. Aakuluwo ine."

"Mwanayo ali kuti?"

"Watsala mu Ruo."

A Likoswe anavula magalasi, anawapukuta, n'kuwavalanso. Anatenga envulopu. Analembapo dzina la mayi, dzina la mankhwala ndi kamwedwe kake. Anaikamo aang'ono aja. Aakuluwo anawatsekera m'botolo kumbuyo kwawo.

Mayi sankadziwa kuwerenga, koma maso anali nawo. Anasuzumira mu envulopu. Anaipinda bwinobwino n'kuthokoza. Sanafunse tsiku limenelo, sanafunsenso mpaka imfa yawo.

Sukulu ndinaiyamba ndili wamkulu kale. Pawindo lomwelo ndi pomwe ndinadzagwira ntchito mpaka kupuma. Palibe piritsi linadutsa pawindo langa lopanda dzina.

Inu opereka mankhwala a masiku ano muli ndi masatifiketi pakhoma amene a Likoswe analibe. Mwezi wathawu mnansi wanga anabwera kuchokera kufamase ina ya ku Bvumbwe ndi tithumba titatu ta pulasitiki. Tonse ta mapiritsi oyera. Pa kathumba kalikonse anangolembapo 1x2, basi. Kena kanali ka mwamuna wake wa shuga, tina take. Ndinakwera minibasi kukafunsa.

"Agogo, mzere mwauona? Tikamalemba zonsezo tiweruka mawa," anatero mtsikana wa pawindo.

Mzere ndinauona. Wathu wa pa esiteti tsiku la malipiro unkafika kumtengo wa bulugama. Kulemba dzina pakathumba sikuchedwa kuposa kumanga mfundo. Pamsika nako anyamata akugulitsa makapisozi potchula mtundu, ofiira ndi achikasu, ngati maswiti. Ndalemba makalata kwa oyenera kuwalembera. Makope ake ndili nawo onse m'sutikesi, pamodzi ndi mayankho awiri osayankha kanthu.

Envulopu ya a Likoswe ili m'sutikesi momwemo, inki yake ikuwerengekabe. Mayi anakhala zaka zambiri, ndipo anagona kumanda a pa esiteti, pafupi ndi amalume. Zuze alibe manda. Sanabatizidwe, sukulu sanamulembetse chifukwa cha kugwa kwake. Pepala lokhalo limene linalembedwapo dzina lake linali pachitini chija, m'tsekera, tsidya la Ruo.