Ndinamukana Thandiwe pa funso la fizikisi

Ndimayendetsa kombi, minibasi ya ku Lobengula, choncho mwana wanga Thandiwe atabwera ndi funso la fizikisi, sindinafune kuoneka mbuli.

"Baba, galimoto ikamathamanga pa liwiro losasintha mumsewu wowongoka, akiselereshoni yake imakhala yotani?"

"Yaikulu zedi," ndinayankha mosaphethira. "Wafunsa dalaivala."

Mawa lake anakweza dzanja m'kalasi nayankha chomwecho, mpaka kunyadira kuti anamuuza ndi bambo ake. Anzake anafa nacho chiseko. Aphunzitsi anati yankho ndi ziro, poti akiselereshoni ndi kusintha kwa liwiro.

Atandifotokozera, maso ali psuu, ndinati, "Iwe sunamvetse, ine ndinati ziro."

Anandiyang'ana kanthawi, nati, "Pepani, Baba."

Ndipo ine, bambo wandevu zanga, ndinalandira kupepesako.