Anatiwerenga Tili Kumunda

Boma linanena kuti m'mudzi mwathu mulibe ana. Linandiuza ineyo pamaso, mwana ali kumsana kwanga akundikoka duku. Zaka zapita zambiri ndipo mutu wanga wayera, koma ndikamva pa wailesi kuti owerenga anthu akubweranso, mtima umandiwawa ngati zachitika dzulo. Ndiye imvani mmene amawerengera anzathu opita kusukuluwa.

Inali nthawi ya Chipani chimodzi, pamene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la Chipanicho. Mudzi wathu uli kuseri kwa Nyimba, njira yotsikira kuchigwa. Chipatala chinali kutali, koma mwezi uliwonse kunkabwera galimoto ya sikelo. Inkaima pansi pa mtengo wa mbula pafupi ndi sukulu. Anamwino ankapachika sikelo panthambi, n'kuyeza ana, n'kubaya amene nthawi yawo ya katemera yakwana. Sitinkaphonya. Ngakhale mvula igwe chotani, tsiku la sikelo amayi tonse tinkapezeka pamtengo paja.

Tsono kwathu kuli chizolowezi chimene ngakhale mbuzi zikuchidziwa. Chimanga chikayamba kubereka, mudzi wonse umasamukira kumunda. Minda ili patsidya pa dambo, ndipo ukangoisiya yokha, njovu ndi nguluwe zimakukololera, anyani n'kudzamalizitsa. Timamanga misasa komweko. Timatenga miphika, mphasa, ana, ngakhale nkhuku, ndipo timabwerera titakolola. M'mudzi mumatsala okhawo amene miyendo inawakana.

Nthawi imeneyo ndi imene boma linasankha kuti litiwerenge. Linkafuna kudziwa ana aang'ono ndi amayi apakati alipo angati mudzi uliwonse, kuti lidziwe kogawira mankhwala. Cholinga chabwino, sindikana. Linatuma anyamata awiri a m'tauni, ovala matalauzi otambalala kumapazi ndi nsapato zazitali zidendene. Anapeza zitseko zotchinga ndi mitengo, ndi a Tembo, bambo wokalamba wodwala mwendo, atakhala pakhonde. A Tembowo ndi amene anadzatifotokozera.

"Madala, anthu ali kuti?" anafunsa mmodzi wa anyamatawo.

"Ali ku minda, patsidya apo," anayankha a Tembo. "Mukaoloka chabe dambo, muwapeza onse na ana awo."

Anyamata aja anayang'ana dambo. Anayang'ana nsapato zawo. Nsapato zinapambana. Anafunsa a Tembo kuti m'nyumba mwawo muli ana angati, iwo n'kuyankha kuti mulibe, ana awo anakula kalekale. Sananame. Anafunsanso nkhalamba zina zimene anazipeza, n'kulemba zomwezo. Dzuwa lisanafike pamutu anali atakwera kale galimoto, ntchito ya boma atayigwira yonse.

Manambala aja anapita ku Petauke, kuchoka apo ku Chipata, mpaka ku Lusaka. Pobwerera anali atasanduka lamulo. Ife sitinadziwe kanthu. Tinakolola, n'kubwerera kumudzi. Tsiku la sikelo tinasambitsa ana, kuwadzola mafuta, n'kukakhala pansi pa mbula. Tinakhala mpaka mthunzi unatithawa. Galimoto sinabwere. Tinati mwina mafuta a galimoto asowa, popeza masiku amenewo chilichonse chinkasowa, ndi sopo yemwe. Mwezi wotsatira chimodzimodzi. Winanso chimodzimodzi.

Ine zinandikhudza kwambiri chifukwa cha mwana wanga wotsiriza, Dailesi. Anali atangoyamba kuimirira chogwira khoma, ndipo katemera amene anamutsalira anali wa chikuku. Chikuku tinkachidziwa bwino kwathu. Chinkabwera nyengo yotentha, ndipo sichinkabwerera chimanjamanja.

Ndinabereka mwana n'kuyenda mpaka kukiliniki ya kumsewu waukulu. Kumeneko kunali a Phiri, amene tinkangowatchula kuti adokotala. Anandimvera chisoni, koma chisoni sichibayidwa pamkono.

"Amai, katemela amene ananipatsa anasila kudala, palibe wotsala," anatero. "Amanitumizila kulingana na ana amene ali m'mabuku. Imwe a kuchigwa mulibemo. Mudzi wanu analemba kuti ni wa nkhalamba, ndiye galimoto anaipeleka kwina."

Ndinawafunsa ngati nkhalambazo ndi zimene zinkadzaza pansi pa mbula miyezi yonse ija. Anangotambasula manja n'kunena kuti ndipite ku Petauke, kumene manambala amasungidwa.

Amuna anga, a Mwanza, anati ndisiye, boma sakangana nalo. Ndinawayankha kuti sindikukakangana, ndikungokawaonetsa mwana. Ndinakwera basi. Ofesiyo sindiitchula, koma amene anakulira kuno akuidziwa, inali ndi khonde lalitali ndi benchi imodzi. Pakhomo anayamba andifunsa khadi la Chipani. Ndinaonetsa. Khadilo analikhulupirira msanga, palibe amene anati linalembedwa molakwika. Ndinakhala pabenchi kuyambira m'mawa. Masana anandiuza kuti woyang'anira manambala, a Daka, apita kukadya. Madzulo anandiuza kuti apita kumsonkhano.

"Bwelani mailo, amai," anatero mayi wa pataipi osandiyang'ana n'komwe.

Ndinagona kwa msuweni wanga. M'mawa mwake ndinawapeza a Daka. Anali munthu waulemu, wovala suti ya safari, zolembera zili m'thumba la pachifuwa. Kukhoma kwawo kunali mapu aakulu a boma lonse, obayidwa timapini. Anandilongosolera mofatsa, ngati akuphunzitsa mwana wa giredi wani, kuti pamene pali pini yofiira pali ana ambiri, ndipo galimoto imapita pamenepo. Anafunafuna mudzi wathu ndi chala. Panalibe pini. Panali kabowo kokha, pamene anaizula.

"Mwaona, amai? Kwanu kulibe ana osakwana zaka zisanu."

Ndinamasula nsalu, n'kumutsitsa Dailesi, n'kumukhazika patebulo pawo, pamwamba pa mapepala. Mwanayo anatola chidindo n'kuyamba kuchiluma.

"Nanga uyu ni ndani, bambo? Ni mbatata?"

"Amai, ine sinikana kuti ni mwana," anatero akumulanda chidindo. "Namuona. Koma manambala anapita kudala ku Lusaka. Manje ine nizawaitana bwanji kuti abwele?"

Ndinatulutsa khadi la sikelo la mwanayo, lolembedwa ndi anamwino a boma lomwelo, mwezi ndi mwezi. Analiyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Anati khadilo ndi la anamwino, pamene iwo amagwira ntchito ndi manambala a owerenga anthu, ndipo ziwirizi siziyendera limodzi. Mwamva? Boma linkayeza mwana wanga ndi dzanja lamanja, lamanzere n'kumalemba kuti kulibe. Ndinapempha kuti basi amubayire konkuno ku Petauke, popeza ndafika kale. Anati wa ku Nyimba amabayidwa ku Nyimba, katemera wa kuno ndi wowerengera ana a kuno. Ndinafunsa kuti tsono adzatiwerenganso liti. Anati nthawi yake ikadzakwana.

Kenako anatsitsa mawu. "Nikuuzeni monga mlongo wanga. Osayenda-yenda mukamba kuti boma inalakwitsa kuwelenga. Ena azamva monga mutsutsa Chipani."

Ndinabereka mwana wanga wosaonekayo n'kukakwera basi. Ankalemera ndithu kumsana.

Kumudzi ndinauza amayi anzanga, ndipo tinapita kwa tcheyamani wa Chipani wa dera lathu, ana athu tili nawo m'manja. Anatiwerenga ndi maso, nkhope ili yachisoni, n'kulonjeza kuti nkhaniyi aipereka pamwamba. Kumwambako sindikudziwa kuti kunali kutali bwanji. Chimene ndikudziwa n'chakuti chikuku chinafika msanga kuposa yankho.

Chinalowa kutatentha kwambiri, mitengo itayoyoka masamba. Chinayambira kumapeto kwa mudzi n'kumayenda khomo ndi khomo. Icho sichinaope dambo, ndipo sichinafunse nkhalamba kuti ana ali kuti. Dailesi anatentha thupi, maso n'kufiira, kenako tizilonda thupi lonse. Chifuwa chitayamba kulira, a Mwanza anatikweza panjinga mpaka kuchipatala cha mishoni. Masisitere anayesetsa, Mulungu awadalitse, koma tinafika matenda atalowa kale m'mapapo. Ndinabwerera ndi mwana kumsana monga ndinapitira, koma sanalinso kundikoka kanthu. Ululu umenewo sindinaupezere mawu mpaka lero. Ndinalira mpaka mawu anatha, ndipo kulira kutatha munatsala mkwiyo.

Sanapite yekha. Mwezi umenewo adzukulu okumba manda sanapume. Kwathu maliro akatha, abale onse a womwalirayo amameta mpala, akulu ndi ana omwe. Ndiye mudzi unangoti mbee, mitu yometa paliponse.

Tsitsi lisanamere bwinobwino, tcheyamani analengeza kuti kukubwera alendo ochokera ku Lusaka, ndipo aliyense akapezeke kusukulu. Tinasesa bwalo. Magalimoto anabwera atatu. Mafuta anali atapezeka, ndipo msewu umene unakanika galimoto ya sikelo unawalola bwinobwino. Pakati pa alendowo panali a Daka, atanyamula chikwama cha bwana wamkulu.

Bwanayo anaimirira n'kunena kuti wabwera kudzatiyamikira. Anati m'madera ambiri chikuku chavuta chaka chino, koma malipoti akuonetsa kuti m'mudzi mwathu simunafe mwana ndi mmodzi yemwe. Simunapezekenso mwana wonyentchera. Anati ndife chitsanzo, midzi ina iphunzire kwa ife. Ndipo analondola ndithu. Mwana amene kulibe angafe bwanji? Anganyentchere bwanji? Njira yothetsera matenda anali ataipeza anzathuwa, ndiyo kufufuta odwalawo asanadwale.

Sanathere pomwepo. Anayang'ana ana a sukulu amene anakhala kutsogolo, ndi azibambo amene anavula zipewa, n'kumwetulira.

"Onani ukhondo," anatero. "Mitu yonse yometa bwino, kulibe nsabwe. Ici ndiye cifukwa cake matenda safika kuno. Tiyeni tiwaombele m'manja."

Mwina kwawo samameta maliro, sindikudziwa. Koma a Daka ndi mwana wa kuno kum'mawa. Ankadziwa bwino lomwe tanthauzo la mudzi wometa mpala. Anayang'ana mitu ija, kenako maso athu anakumana. Anandizindikira. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kutsegula chikwama cha bwana, ngati muli kanthu kofunika kwambiri.

Ndinaimirira n'kuvula duku kuti nawonso aone ukhondo wanga.

"Bwana," ndinatero, "manda ali pafupi, kuseli kwa sukulu kuno. Kulibe dambo, nsapato sizizada. Tiyeni mukawelenge."

Tcheyamani anathamanga n'kundigwira mkono. Anauza alendo kuti mayiyu mutu wake sukuyenda bwino masiku ano. Amayi a Chipani anayambitsa nyimbo mokweza, ng'oma n'kulira, ndipo mawu anga anamira momwemo. Msonkhano utatha ndinawatsekera njira a Daka pagalimoto. Ndinawauza kuti mwana uja anakhala patebulo pawo wamwalira, tsono alembe imfa yake yokhayo, popeza moyo wake anaukana. Anandipepesa, anatero ndithu, misozi ili m'maso. Koma anati imfa ya mwana imalembedwa pochotsera pa chiwerengero cha ana amene alipo, ndipo kwathu panalibe pochotsera.

Galimoto ya sikelo inadzabweranso patapita nthawi yaitali, atatiwerenganso. Palibe amene anabwera kudzanena kuti tinalakwa. Anyamata a nsapato aja mwina anakwezedwa pantchito. Mwina lero akudya penshoni, akuuza adzukulu awo kuti anatumikira dziko.

Ndiye ndikufunsa, ndipo ndikufuna yankho ndisanafe. Ndani anasankha kuti alimi awerengedwe nthawi yolondera minda? Anafunsa ndani? Munthu akabwera ndi mwana wamoyo m'manja, pepala n'kunena kuti mwanayo kulibe, chokonzedwa n'chiyani, pepala kapena mwana? Nanga lipoti lija lotiyamikira, alipo amene analibweza, kapena likadali m'kabati ku Lusaka, ophunzira akuliwerenga n'kumati kale kuchigwa kunali ukhondo?

Inu amene muli ndi ana aang'ono, owerenga akabwera musawathawe ndipo musawasiye apite okha. Akapeza chitseko chotseka, atengeni mpaka kumunda. Akaopa matope, aberekeni kumsana muwaolotse. Imirirani pomwepo mpaka muone ndi maso anu kuti mwana aliyense walembedwa. Ine ndinachedwa kudziwa kuti mankhwala satsata mwana, amatsata nambala. Wanga anabadwa, anamera mano, anafika poimirira, n'kumwalira, ndipo boma linabwera ndi magalimoto atatu kudzandiuza kuti ndiombe m'manja.