Thobwa latha ndowa yonse lero

Ana anga, mwaswera bwanji nonse? Imvani za lero!

Paja mdzukulu wanga Chisomo amanditsatsira thobwa pa foni. Kale ankangoponyapo zithunzi zilizonse, lero mphaka, mawa nsapato zake, anthu osadziwa kuti tikugulitsa chiyani. Mwezi watha anati, "Gogo, tisankhe nkhani zitatu basi." Lolemba amaonetsa mabotolo ndi mtengo wake, Lachitatu ine ndikuphika, Lachisanu ogula akumwa. Sabata iliyonse chimodzimodzi.

Ndiye lero kwabwera amayi ena pa minibasi ya kombi, kuchokera ku Kambuzuma mpaka kuno ku Epworth. Akuti, "Mayi, Lachitatu lililonse ndimadikira kuona manja anuwa." Atamwa kapu imodzi, misozi mbwembwembwe! Akuti thobwa lotere analimwa komaliza ku famu, amayi awo ali moyo. Atenga ndowa yonse!

Tsono Chisomo akuti Lachitatu likubwerali tionetse mmene ndimameretsera chimera. Apa ndili ndi mitima iwiri. Anandiphunzitsa ndi apongozi anga, sindinauzepo munthu. Ndikaonetsa, anzanga amumsewu muno sandilanda msika? Koma ndikabisa, ndipita nazo kumanda.

Inu mukuti bwanji? Yankhani msanga, mapira ndaviika kale.