Mwendo Umodzi, Ndodo Ziwiri

Inu amene mukuona ngati zanu zathera panjira, tamvani za Rénald Thibodeau wa kwathu ku Kapuskasing, kumpoto kwa Ontario, m'dziko la Canada.

Chaka chimene chipika chinamuphwanya mwendo kufakitale yocheka matabwa, madokotala anaudula pamwamba pa bondo. Mnyamata amene tauni yonse inkati adzasewerera Canada hoke ya pa ayezi anadzitsekera m'nyumba, ndevu osameta, makatani osatsegula. Timu ya dziko ikayamba kusewera pa TV, iye ankangozimitsa.

Mchemwali wake wamkulu, Ghislaine, anatopa nazo. Loweruka lina analowa osagogoda n'kumuponyera jekete.

"Dzuka iwe, mpandowo wayamba kufanana nawe."

"Achemwali, ndidzuke ndi chiyani? Mwaiwala?"

"Anakudula mwendo, sanakudule mutu. Tiye!"

Anapita naye kubwalo la ayezi. Kumeneko anapeza amuna olumala akusewera hoke atakhala pa tingolo tachitsulo totsetsereka. Aliyense anali ndi ndodo ziwiri zazifupi, zopalasira komanso zomenyera kachimbale kakuda kamene ndi mpira wawo. Mkulu wawo anali Orval Pelkey, bambo wa imvi amene sitima inamudula miyendo yonse iwiri. Anamuyang'ana Rénald kuyambira kumutu mpaka pansi.

"Katswiri uja ndi ameneyu? Mwendo wathunthu uli nawo ndiye ukulira? Mphwanga, kuno ndiwe mpondamatiki!"

Anamumangirira pakangolo. Rénald atangoti apalase, anagwera kumanzere. Atamudzutsa, anagwera kumanja.

"Usavutike kukolopa ndi nkhope," anatero Orval, "ayeziyu ngoyera kale."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Rénald anafuna kukwiya, koma chimene chinatuluka pakamwa pake ndi chiseko, choyamba chichokereni kuchipatala.

Mawa lake mapewa ankawawa moti kapu ya khofi inkalemera ngati njerwa. Koma Loweruka lotsatira ndi iye anayamba kufika. Mkati mwa sabata Ghislaine ankamuchotsera chipale chofewa ndi fosholo padziwe la madzi oundana kuseri kwa nyumba yawo, iye n'kumapalasa uku ndi uku mpaka zala kuchita dzanzi. Pang'ono ndi pang'ono kugwa kunachepa, zigoli n'kuchuluka.

Patapita zaka, anamuitana kukayesedwa mu timu ya dziko ya osewera olumala, imene inkakonzekera mpikisano wa mayiko. Anapita ali ndi chikhulupiriro chonse, koma sanamutenge. Kochi sanamubisire mawu.

"Dzanja lako lamanja ndi mfuti, koma lamanzere ndi supuni ya tiyi. A ku Norway ndi ku Sweden akangozindikira, adzakudya wamoyo."

Rénald anabwerera kwawo mtima uli zii. Koma m'malo modzitsekeranso, anapatsa dzanja lamanja tchuthi. Kudya, kulemba, kutsuka mano, kumeta ndevu, zonse ndi lamanzere. Msuzi wa nsawawa unkathera pamalaya, chibwano chili mabala okhaokha.

"Kodi wamenyana ndi mphaka?" anafunsa Ghislaine.

"Ayi, achemwali, ndikuphunzitsa mwana waulesi ntchito."

Chaka chotsatira anayesanso, ndipo ulendo uno kochi anam'patsa jezi yofiira ya Canada, ya tsamba pachifuwa.

Mpikisanowo unachitikira ku Norway. Masewero awo oyamba anali ndi eni dziko, bwalo litadzaza ndi mbendera zawo. Eni dzikowo anachinya msanga. Rénald anawombedwa kukhoma mpaka kangolo kake kanatembenuzika, koma anadzidzutsa yekha, n'kuthamangira kachimbale kakuda kaja. Anakalanda pakona, n'kukapereka kwa mnzake amene anabweza chigolicho. Nthawi itatsala pang'ono kutha, anachinya chake, Canada n'kupambana.

Atayamba kuimba nyimbo ya fuko la Canada, Rénald anayamba kulira. Misozi inkangoyenderera. Goloboyi wawo, mnyamata wanthabwala wa ku Manitoba, anamukodola ndi ndodo.

"Aise, lira pang'onopang'ono. Usungunula ayezi wa eni ake, tisewerera pati mawa?"

Chikho sanatenge. Anagonja m'ndime yachiwiri kwa yomaliza, n'kubwera ndi mendulo ya nambala yachitatu. Koma tsiku limene Rénald anafika kwawo, anzake a kufakitale anasiya macheka n'kudzaima mumsewu waukulu, kuzizira kuli tsa, akuimba mahutala a magalimoto awo ngati kwabwera mkwatibwi. Lero ndi iye amene amaphunzitsa ana olumala a m'dera lathu, ndipo Loweruka bwalo limachepa.

Inunso mwina chipika chanu chakugwerani: ntchito yatha, mayeso akukanani, thupi lakukhumudwitsani. Lirani ndithu, si mlandu. Koma mukatha kulira, werengani zimene zakutsalirani, muyambire pomwepo. Amene wakuuzani pamene mukufooka musamude, wakusonyezani pogwira ntchito. Osataya mtima, abale anga, masewero anu sanathe!